Wogula Anali Zornitsa, Wovala Anali Stoimen

Zornitsa Manolova anabadwira ku Pernik. Bambo ake ankakumba malasha, mayi ake ankasoka mayunifolomu pafakitale. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi iye ankajambula maukwati: Loweruka lililonse kuyenda chambuyo patsogolo pa mkwatibwi, kamera ili m'manja, anthu okhuta rakiya, kachasu wa kuno, akumukoka malaya kuti awajambule akuvina. Atatopa nazo anabwera kuno ku Sofia kudzafuna ntchito ya mafilimu, ndipo anamupatsa yokulunga mawaya. Ndinamudziwira pamenepo. Ine ndi Grozdan, ndakhala ndikukankha ngolo ya kamera pa njanji zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo wokulunga mawaya amayenda kumbuyo kwanga.

Chimene ankafuna mtsikanayu chinali chimodzi, kuvala sitedikamu. Ndi chovala cholimba cha malamba chimene munthu amamanga pachifuwa ndi m'chiuno, chokhala ndi mkono wachitsulo wonyamula kamera, kuti ngakhale akwere masitepe chithunzi chisagwedezeke. Kulemera kwake kumaposa theka la thumba la simenti. Pa ntchito imeneyi sakuitana ngati ulibe chida chakochako, ndipo chatsopano mtengo wake ungagule kanyumba kumudzi. Aliyense amayamba ndi chakale, chogula kwa amene akupuma.

Pali mwambo umene sunalembedwe paliponse koma tonse timaudziwa. Wogulitsa chida amagulitsa ndi malo ake omwe. Amamutenga wogulayo n'kupita naye kwa akuluakulu a kamera amene ankamuitana, n'kuwauza kuti kuyambira lero muziimbira uyu. Akapanda kutero ndiye kuti wagulitsa zitsulo chabe.

Stoimen Vachev anali mnzanga kuyambira tili anyamata, ndipo ndinali mboni pa ukwati wake. Anavala chidacho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingamulande. Madokotala atamung'amba bondo kachiwiri, analengeza kuti akugulitsa. Zornitsa anagulitsa makamera ake awiri a maukwati ndi kamunda ka mphesa kamene agogo ake anamusiyira, n'kulipira zonse tsiku limodzi. Ine ndinalipo m'galaja ya Stoimen. Anagwirana chanza, tinamwa rakiya, Stoimen n'kumuveka yekha chovalacho, akunena kuti sabata yamawa ayamba kumuzungulitsa kwa anthu.

Foni yoyamba inalira patatha milungu iwiri, ndipo inalirira Stoimen, poti nambala imene anthu ankaidziwa inali yake. Anauza Zornitsa kuti mkulu wa kamera wa ntchito imeneyo ndi munthu wovuta, sakonda nkhope zachilendo. Ulendo uno wokha avale iye, mwiniwake aziona n'kumaphunzira. Zornitsa anavomera. Ulendo wachiwiri Stoimen anati ndi filimu ya alendo ochokera kunja, si poyeserera. Wachitatu anati pansi pali poterera ndi chisanu. Wachinayi sanapereke n'chifukwa chomwe, anangonena ola loti amutengere pakhomo.

Zinayenda choncho miyezi khumi ndi umodzi. Galimoto inali ya Zornitsa, wonyamula mabokosi anali Zornitsa, wolinganiza kamera pa mkono uja kuti isapendekeke anali Zornitsa. Chovala chimenechi chimamangidwa molingana ndi thupi la munthu, ndipo Stoimen ndi chimunthu cha mimba pamene Zornitsa ndi wochepa thupi. Ndiye m'mawa uliwonse wa ntchito iye ankamasula malamba onse, kukulitsa mapewa ndi chiuno kuti zimukwane mkulu uja. Akabwerera kwawo ankabwezeretsa pa thupi lake n'kumakwera ndi kutsika masitepe a nyumba yawo yosanjikizana, mpaka oyandikana nawo anakadandaula za mapazi ake. Stoimen ankafika, kukweza manja ngati mwana woti amuveke, kujambula, kulandira kuyamikiridwa, n'kumupatsa mwini chida kangachepe ka petulo.

Ndinamufunsapo Stoimen kamodzi, tikudya banitsa, chitumbuwa cha tchizi, pa kaokala kapafupi ndi pogwirira ntchito.

"Ukudziwa chiyani iwe wokankha wilibala?" anatero. "Mwana samuponya m'madzi akuya."

Ndinamuuza kuti mwanayo ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anaseka, n'kundigulira boza, thobwa la kuno, nkhani n'kuthera pomwepo. Zornitsa nayenso anandipempha kuti ndisalowererepo. Anati Stoimen akangomunenera zoipa kwa akuluakulu a kamera, ndiye kuti wathera pomwepo, munda wa agogo ake wapita pachabe. Zinali zoona, ndipo ine zinandikomera kuti zinali zoona, chifukwa zinandipatsa chifukwa chokhalira chete.

Tsiku lina pa chakudya cha masana ndinakhala tebulo limodzi ndi Stoimen ndi Lachezar Donchev, mkulu wa kamera amene ankamuitana kawirikawiri. Lachezar anali ataona kutsimphina kwa Stoimen, ndiye anamufunsa kuti akadzapuma aziimbira ndani.

"Palibe," anayankha Stoimen. "Achinyamata a masiku ano misana yawo ndi ya phala."

Lachezar anafunsa za mtsikana amene amayenda naye uja. Stoimen anati ameneyo amangomusungira katundu wake, ndi mwana wabwino koma sangathe kunyamula chidacho mphindi ziwiri. Katundu wake. Ananena zimenezi akundiyang'ana ine, osaphethira n'komwe, poti ankadziwa kuti Grozdan sayankhula.

Madzulo ake, Zornitsa akulongedza mabokosi m'galimoto, ndinamuuza zonse. Sanalire ndipo sanatukwane. Anangondipempha kuti ndibwereze mawuwo ndendende monga anatulukira m'kamwa mwa Stoimen, ndipo ndinabwereza. Anatseka galimoto n'kunyamuka.

Sabata yotsatira tinali ndi ntchito ya Lachezar yemweyo m'fakitale yakale ya fodya. Pankafunika kuti kamera iyende chambuyo patsogolo pa mzimayi wothamanga kukwera masitepe a nsanjika zinayi, osadula. Njanji zanga sizikanathandiza pamenepo. Stoimen anafika, n'kukweza manja monga mwa masiku onse. Zornitsa anamuveka chovalacho paphewa n'kubwerera m'mbuyo. Malamba sanakumane. Panatsala mpata woti n'kulowa buledi wathunthu. Stoimen anakoka mimba, anayesanso, kenako anachivula n'kuchiyang'anitsitsa. Malamba onse anali atadulidwa ndi kukhomedwa pa muyeso wa Zornitsa. Ndinamva pambuyo pake kuti anapita nacho ku Pernik kwa mkulu wina wosoka nsapato amene kale ankakonza malamba a anthu a mumgodi.

"Wachita chiyani ndi chovala changa?"

"Chanu chiti, bai Stoimen?" anatero Zornitsa, akumutchula bai monga timatchulira munthu wamkulu kuno.

Stoimen anayamba kukuwa kuti mtsikanayu wamuonongera chida, ndi wosayamika, pamene iye anam'tola m'matope a maukwati. Lachezar anatsika masitepe akuthamanga kudzafunsa chimene chikuchedwetsa. Anthu makumi atatu ovala kale zovala za mufilimu anali akudikira, ndipo kuwala kolowa pa mawindo kunali kukusuntha. Atamva phokosolo anafunsa funso limodzi, loti chidacho n'cha yani.

"N'changa," anatero Zornitsa. "Ndinagula chaka chatha mu Okutobala, ndinalipira chonse. Bai Grozdan analipo."

Onse anatembenukira kwa ine. Stoimen anandiyang'ana monga anandiyang'anira pa tebulo paja.

"Ndinalipo," ndinatero. "Ndinamwa nawo rakiya wake. Ndinamvanso zimene analonjeza."

"Yudasi iwe," anatero Stoimen. "Zaka makumi anayi ukudya m'nyumba mwanga."

Musaganize kuti Lachezar anamvera chisoni aliyense. Anatitukwana tonse atatu, amayi athu omwe. Anati nkhani za m'galaja iye sizimukhudza, chimene akufuna n'chakuti kamera ikwere masitepe kuwala kusanachoke. Wina wa chida chotere sakanapezeka ola limenelo. Anafunsa Zornitsa ngati anayamba wakwerapo masitepe atavala, iye n'kuyankha kuti nsanjika zisanu ndi zitatu za kwawo, pafupifupi tsiku lililonse. Lachezar anamupatsa maulendo atatu. Akalephera, iye mwini ajambula ndi kamera ya paphewa, ndipo Zornitsa ndi Stoimen yemwe asadzaonekenso pa ntchito yake.

Munthu woyenda chambuyo pa masitepe saona kumene akupita, amafunika wina womugwira chovala kumsana n'kumamuwongolera. Ndinamugwira ndine. Ulendo woyamba anagunditsa mkono pa khoma pokhota pa nsanjika yachiwiri. Wachiwiri anafika pamwamba, koma mutu wa mzimayi uja unatuluka m'chithunzi kawiri. Stoimen anali ataima pansi pafupi ndi sikirini yoonerapo zimene kamera ikujambula, akuuza aliyense mokweza kuti iye ananena kale. Malaya a Zornitsa anali atanyoweratu. Potsika kukayambanso anangondiuza kuti pa nsanjika yachiwiri ndimukoke msanga, ndikuchedwa.

Ulendo wachitatu sunali wokongola. Stoimen wa zaka khumi zapitazo akanauposa kutali. Koma kamera inakwera nsanjika zinayi, mzimayi anakhala m'chithunzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo khoma silinagundidwe. Lachezar anaonera kawiri, kenako anati zatheka, tipite kwina. Pa nthawi yoweruka anatuma womuthandiza kuti akalembe nambala ya Zornitsa.

Stoimen anabwerera kwawo pa basi tsiku limenelo. Mwezi wonse wotsatira anaimbira aliyense amene ankamudziwa, kuwauza kuti mtsikana wa ku Pernik ndi njoka. Ena anamukhulupirira. Pali akuluakulu a kamera awiri amene mpaka lero samuitana Zornitsa, sanamuonepo akugwira ntchito, anangomva kwa Stoimen. Zimenezi zimandiwawa kuposa zonse, chifukwa bodza la munthu wodziwa ntchito limayenda mtunda wautali. Koma Lachezar anamuitananso, n'kumutchula kwa anzake awiri. Pano papita zaka zinayi, ndipo ntchito ya mawaya anaisiya kalekale.

Stoimen sandipatsa moni. Mkazi wake akakumana ndi wanga kumsika amaoloka msewu. Ndinkaganiza kuti mwina kwa Zornitsa ndiye ndili ndi dzina labwino, ndipo tsiku lina tikumwa khofi pakati pa ntchito ndinamukumbutsa za fakitale ya fodya, ndikuyembekezera kumva mawu okoma.

"Munanena zoona, bai Grozdan," anatero. "Koma munazidziwa miyezi khumi ndi umodzi. Ine ndinkaopa chifukwa munda wanga unali utapita. Inu munkaopa chiyani?"

Iye anamaliza khofi wake n'kupita kukakonza kamera.