Tayimingi ya Alamu Anga

Ndinaganiza zochoka ku South Bend m'mwezi wa Malichi 2014, manja anga ali m'beseni, ndikutsuka kabuleta. Chipatala china cha ku Indianapolis chinali chitandiimbira kuti ntchito ya m'labu imene ndinafunsira yapezeka, ndipo malipiro ake anali oposa kutali a kumalo osamalira okalamba komwe ndinkagwira. Ndinawauza bambo pompo m'galaja. Anapukuta sipanala pa ovolosi nati, "Pita, Kondwani. Galimoto siithawa."

Bambo anali makaniko ku Limbe tisanabwere ku America. Kuno ankakonza mipope ndi zitseko pa sukulu ina, koma mtima wawo unali pa galimoto ya mu 1970 imene anaigula yakufa kwa mzungu wina wokalamba. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, boneti yaitali, injini ya masilinda eyiti yomwa petulo ngati mchenga. Loweruka lililonse tinkakhala pamenepo awiri. Iwo ankamvera, ine ndinkatembenuza. Lamulo lawo linali limodzi: "Yamba ndi moto, mafuta pambuyo. Kukonza kabuleta tayimingi ili yolakwika n'kukolopa nyumba yodontha." Ndiye tinkayamba kumasula disitibyuta yogawa moto ku mapulagi, kuipotoza pang'onopang'ono mpaka mapulagi aziyaka pa nthawi yake. Kenako tinkabwera pa timasikuluwu tiwiri ta pa kabuleta, toonjezera kapena kuchepetsa mafuta, kota ndi kota, mpaka bambo atakweza chala.

Ku Indianapolis ndinapeza chipinda ku Lawrence. Ndalama ndinaziona, sindinganame. Mwezi uliwonse ndinkatumiza kunyumba, mayi n'kuyankha kuti alandira, Mulungu andidalitse. Koma Loweruka linkatalika. Ndinkapita ku sitolo ya zakudya za kwathu ku Lafayette Road kukagula usipa wouma womwe sindinkaufuna, kungoti ndimveko mawu a anthu. Galimoto yanga inali yatsopano, ya kompyuta. Ukatsegula boneti umangoona pulasitiki, palibe pogwira. Ndikaimba kunyumba, bambo sankachedwa pa foni. "Uli bwino? Chabwino, yankhula ndi amayi ako." Ndinkati andikwiyira.

Chaka chotsatira mlongo wanga Tadala anakwatiwa ndi Yohane, nesi wa ku Ntcheu, munthu wofatsa yemwe pa ukwati wake sankadziwa n'komwe pothirira oilo. Posakhalitsa mavidiyo anayamba kubwera pa gulu lathu la pa foni. Yohane atavala ovolosi yanga. Yohane akupukuta mapulagi. Ina ndi imene inandilasa: dzanja la bambo lili pamwamba pa dzanja la Yohane, onse agwira sikuludiraiva imodzi pa kabuleta, injini ikulira. Ndinaionera kambirimbiri ndili m'galimoto panja pa chipatala, chakudya chikuzizira pa mpando. Kenako ndinalemba kuti, "Ikumwa mafuta ambiri iyo, utsi wake wada." Utsiwo sunkaoneka n'komwe m'vidiyomo.

Tadala anayankha, "Achimwene, bwerani mudzakonze. Msewu ndi wa maola atatu okha."

Lero ndimavomera kuti sanalakwe. Maola atatu okha, koma ndinkapita pa Khirisimasi basi, nthawi imene galimotoyo imakhala yofunditsidwa chifukwa cha chisanu. Ndinkanamizira ntchito. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kukaona munthu wina ataima mbali yanga ya injini.

Mu Julayi 2017 ndinatenga tchuthi cha sabata. Ndinagula tochi ya tayimingi yodula, yothwanima ndi kuonetsa manambala, ndipo ndinaloweza madigiri olembedwa m'buku la injiniyo. Ndinkapita kukachititsa munthu manyazi, ndipo ndinkadziwa.

Loweruka m'mawa ndinawapeza ali kale m'galaja. Bambo anandikokera mpando, n'kuupukuta kuti ndisade. Kenako anatembenuka nati, "Iwe Yohane, tandipatse sipanala ya hafu." Kwathu mkamwini satchulidwa kuti iwe. Amene amatchulidwa choncho ndi mwana wobala wekha. Ndinadzuka pampandopo, n'kutulutsa tochi yanga.

Ndinailumikiza, n'kulozetsa kuwala pa chizindikiro cha pa pule, kagudumu kozunguza lamba kutsogolo kwa injini. Chizindikirocho chinali kutali ndi pamene buku limanena. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe choipa.

"Alamu, moto wanu ukuchedwa," ndinatero. "Mwakhala mukuyenda chonchi zaka zonsezi?"

"Alamu, chizindikirocho musachikhulupirire kwambiri," anatero Yohane motsitsa mawu. "Mphete ya pa puleyo inaterereka. Tinazindikira chaka chatha ndi bambo."

"Makina sanama."

Yohane anangofutukira m'mbuyo. Ndinamasula disitibyuta, n'kuipotoza mpaka chizindikiro chitafika pa nambala ya m'buku, n'kumanga. Ndinagwiranso timasikuluwu ta kabuleta kuti zala zanga zikhale zomaliza kukhudzapo. Bambo ankayang'ana akumwetulira, chikhatho chili pa bodi ya galimoto.

Tinatuluka kukayesa. Ine pa chiwongolero, bambo pambali panga, Yohane kumbuyo. Titalowa mu msewu waukulu ndinaponda mafuta, ndipo injini inayamba kugogoda ngati timiyala m'chitini. Makaniko aliyense amaidziwa nyimbo imeneyo: moto wafulumira, ndipo ukapitiriza umaboola mapisitoni. Ndinadikira kuti bambo andikalipire, chifukwa kale kugogoda kotere ankakumva galimoto ikungodutsa mu msewu.

Iwo anandimenya pa bondo mokondwa. "Ikulira bwino! Mwana wanga wabwera!"

Ndinayang'ana pa galasi. Yohane anali atawerama, akuyang'ana nsapato zake. Ndinachotsa phazi pa mafuta.

"Bambo, simukumva kugogodako?"

Sanatembenuke n'komwe. Ankayang'ana kutsogolo, mphepo ikuwomba malaya awo.

Titabwerera, bambo analowa m'nyumba kukamwa madzi. Ine ndinatsala chiimire, tochi yanga ili pa benchi.

"Zinayamba liti?" ndinafunsa.

"Khutu lamanzere linali litayamba kale inu musanachoke," anatero Yohane. "Lamanja latha chaka chino. Zothandizira kumva anazikana, akuti zimawalizira mluzu. Akamakuyang'anani pakamwa amatola, koma pa foni palibe chimene amamva."

"Ndiye nonse mumadziwa."

"Anatiletsa kukuuzani. Ankati mukadziwa musiya ntchito."

Anatenga sipanala n'kundipatsa. "Bwezeretsani inuyo, alamu, asaone ine ndikusintha zanu." Ndinamasula disitibyuta, n'kuyamba kuibweza. Ndinapeza kuti khutu langa lachita dzimbiri. Ndinkamva kuti injini ikulira, koma osadziwa poimira. Yohane ndiye anakweza chala.

Ndinabwerera ku Indianapolis Lamlungu, ndipo nsanje sinatsale m'galaja muja. Inakwera nane. Ndinkadziwa kuti munthuyo sanandilakwire, kuti anabisa manyazi anga pamene ine ndinabwera kudzaulula ake. Zimenezo zinangowonjezera ululu. Kudana ndi munthu woipa n'kosavuta.

Ndinagwirako miyezi ina khumi, kenako ndinapeza malo m'labu yaing'ono ku South Bend, malipiro ochepa. Ndinasamuka mu Meyi 2018. Mayi analira, Tadala anangoti ndachedwa. Kunyumba moyo sunaime kundidikira. Mpando wa kutsogolo popita kwa dokotala unali wa Yohane, makiyi a galaja analinso ndi iye, ndipo palibe amene anachita zimenezi kuti andilange. Panali ntchito yofunika munthu, ndipo iye ndi amene analipo.

Masiku ano Loweruka timakhala atatu. Bambo amaika chikhatho pa bodi, amati injini amaimva m'fupa. Puleyo tinasintha, chizindikiro tsopano chimanena zoona, koma pomaliza timadalirabe khutu, ndipo khutulo ndi la Yohane.

Tsiku lina, bambo atalowa m'nyumba, ndinamufunsa kuti amadziwa bwanji poimira.

Anachita manyazi pang'ono. "Chaka chomaliza chija, akumvabe ndi khutu limodzi, ankandiimbira ndi pakamwa. Amati mafuta akachuluka imalira chonchi." Anatulutsa mawu olemera a pakhosi, ogwedera. "Akachepa, chonchi." Mawu owuma, odukaduka. "Ikakhala bwino, chonchi." Anatseka maso n'kung'ung'udza motsika, mosalala, mutu utapendekera kumanja.

Anali bambo enieni, mpaka kapendekedwe ka mutu. Ine anandiphunzitsa kutembenuza, chifukwa nthawi imeneyo womvera analipo ndipo tonse tinkati adzakhalapobe. Kumvako anakupereka ataona kuti kukutha, kwa amene anaima pafupi. Palibe ndalama imene ndinatumiza yomwe ingandigulire chaka chimenecho.

Ndinatenga sikuludiraiva, n'kuiika pa kabuleta.

"Alamu," ndinatero, "tabwerezaninso. Pang'onopang'ono."