Mmene Ndinasandukira Kaseti

Amuna anga ndi telala. Amasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Mangochi, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri makina awo sanayendepo popanda kaseti imodzi yomweyomweyo. Anawasiyira ndi mdala amene anawaphunzitsa ntchito, yemwe anaijambula pa chimbale chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni. Munali nyimbo khumi ndi ziwiri za m'ma sikisite, zoimba mzungu mmodzi wovutika kwambiri. Nyimbo iliyonse ankaiyamba monong'ona ngati akuopa kudzutsa mwana, kenako ng'oma zinkayamba kumukankha, malipenga nkulowererapo, mpaka pomaliza bambo uja akukuwa ndi mtima wonse. Ikatha ankapuma pang'ono nkuyambiranso kuvutika.

Ine kasetiyo ndinkadana nayo, ndisaname. Ndimakazinga mandasi pakhonde lomwelo, ndiye misozi yonse ya mzunguyo inkathera m'makutu mwanga. Koma kwa bambo akunyumba inali wotchi. Kupinda thalauza, nyimbo imodzi. Yunifolomu ya sukulu, mbali imodzi ya kaseti. Mikanjo ya pa Idi ankaisokeratu Ramadhani isanayambe, poti mwezi umenewo wailesi imapuma. Mapazi awo ankapalasa motsata ng'oma, ndipo mzungu akafika pokuwa paja, iwo amakhala akukhota pakhwapa kapena pakolala. Chizungu sachidziwa ngakhale pang'ono.

Mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, anapeza banja ku Katuli. Ukwati unali Lamulungu, ndipo bambo ake analumbira kuti deresi la mwana wawo salisiyira telala wina. Lolemba mwanayo anabwera kudzayesedwa. Ali chiimire, tepi ili m'chiuno, anayamba kuseka.

"Amama, mukudziwa zimene akunena bamboyu? Akuti mkazi amene anamusiya sadzamuiwala mpaka kumanda. Zonse khumi ndi ziwiri nkhani yake ndi yomweyo."

Ndinapsa mtima mpaka mandasi anapserera. Zaka zonsezi munthu akulira mkazi wina pamaso panga, nkuchita kulemba mzungu ganyu yomulirira! Ndinakumbukira mtsikana wina wa ku Lungwena amene anthu ankati anamufunsirapo ine ndisanabwere. Sindinafunse kanthu. Ndinadikira apite ku mzikiti ku swala ya masana, ndinatulutsa kaseti ija nkuiponya padenga la malata la sitoloyo. Unali mwezi wa Okutobala.

Atabwerako anafunafuna pansi pa makina, m'thumba la zigamba, ngakhale m'beseni langa la ufa. Kenako anakhala pansi nkuyesa kusoka chetechete. Msoko woyamba unapita kwina. Anaumasula, kusokanso, kuumasulanso. Nsalu yoyera yaukwati siikhululuka, paliponse pamene singano yadutsa pamatsala chiboo, ndipo nsaluyo inachokera ku Blantyre, panalibe ina yotsala. Pofika Lachitatu deresi linali lidakali zidutswa, mwana akulira.

Anayesetsa yekha mwanayo. Anazifufuza nyimbo zija pafoni mpaka anazipeza, nkuika foni pafupi ndi makina. Bambo ake anapalasa kawiri nkusiya.

"Uyu si yemwe uja," anatero. "Uyu akuthamanga."

Zinali zoona. Tepi yathu inali itatamuka ndi zaka, wailesi nayonso itatopa, moti mzungu wathu anakalamba nafe limodzi. Ankayenda pang'onopang'ono, mawu ake ali besi. Wa pafoniyo anali kamnyamata kachangu, ndipo mapazi a amuna anga anamukana.

Lachinayi ndinaulula. Tinaigwetsa ndi nsungwi kaseti ija, itapindika ngati nsomba yowamba. Poti manyazi anali atandikwana kale, ndinafunsiratu ndi za wa ku Lungwena uja.

"Wa ku Lungwena uti?" anadabwa. "Ine ndinkayesa kuti bamboyu amayi ake amwalira. Munthu angalire chonchija chifukwa cha chibwenzi?"

Apo ndinakwiyanso mwa mtundu wina. Ndiye kuti ine nditachoka, iwo sangalire chonchija? Koma nthawi yoyambitsa mlandu wachiwiri panalibe.

Lachisanu atachoka ku mzikiti anangokhala pamakina, manja ali pamawondo. Ine ndinali kutembenuza mandasi, ndipo sindikudziwa kuti ndinayamba liti kung'ung'udza. Ndinangomva makina ayamba kuyenda kumbuyo kwanga. Inali nyimbo yoyamba ija. Nditaimaliza, yachiwiri inabwera yokha. Ndinapezeka kuti ndikuzidziwa zonse, mwandondomeko yake, pa liwiro lomwe lija, ndi pamene tepi inkadumpha pomwe. Mawu sindinkawadziwa, ndinkangoikapo Chizungu changa chopeka.

Pofika pokuwa paja ndinatsitsa mawu, poti ndine mayi wolemekezeka pamsika pano. Makina anaima.

"Apo amakwera, mayi ake. Ndili pakhwapa."

Ndinayang'ana deresi, ndinayang'ana msewu, nkukwera. Ndinakuwa ndi mpango kumutu, chipande kumanja. Akabaza anaimika njinga. Amayi a matemba anathamanga kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Shehe wina amene ankadutsa anatembenukira kumbali nkuyamba kuwerenga chikwangwani cha sitolo ya feteleza mwachidwi chachikulu. Koma khwapa linatuluka bwinobwino, ndipo lachiwirinso ndinalikuwira.

Chimene chinandikwiyitsa nchakuti nyimbozo zinayamba kundikoma. Ukaziimba wekha ndi pamene umaona nzeru yake. Sizikulola kulira msanga. Zimakugwira kaye, kukuyendetsa pang'onopang'ono, mpaka pamene chifuwa chadzaza ndi pamene zimakutsegulira. Zaka zonsezo ndinkangomva phokoso.

Loweruka m'mawa kunatsala mpendero wokha, ndi nyimbo yomaliza. Mwana anakhala pa benchi kudikira, manja atawatambasula kuti hina, utoto wokongoletsera mkwatibwi, iume. Anandiuza kuti m'nyimbo imeneyo bambo uja waima pamsewu, akuyang'ana munthu wake akupita, ndipo akungopempha kuti acheuke kamodzi. Bola akanapanda kundiuza. Ndinayamba bwinobwino, koma pofika pakati ndinayang'ana manja aja, omwe ndinkawasambitsa ali tokwana m'chikhatho changa, ndipo mawu anandithawa. Katuli ndi kutali, galimoto zake nzosowa. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo chibadwire.

Makina anaima. Ndinayesa kuti andidzudzula kuti ndasokoneza msoko. Sanakweze nkhope.

"Musafulumire, mayi ake," anatero chapansipansi. "Nyimboyi ikatha, deresi latha. Ndiye kuti mwanayu wapita."

Mpendero umene unatsala sunali wotalika ngakhale mkono umodzi. Ndinaiimba katatu nyimboyo, iwo akupalasa pang'onopang'ono, ndipo palibe anatiuza kuti tichite changu.