Valdemar Anayesa Nyimbo ndi Zikhatho

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za Valdemar.

Nkhondo itatha anabwerera kwawo ku Fíngoè ndi mwana wakhanda kumsana, mkazi wake Serafina atamuika m'manda ku Zambia, kumsasa wa othawa. Chotsala cha mkaziyo chinali kaseti imodzi, mmene anaimbamo yekha popanda ng'oma. Tsoka silinathere pomwepo. Akulambula munda wakale, bomba lokwirira linaphulika chapafupi n'kumugonthetsa khutu limodzi. Linalo linkafa pang'onopang'ono.

Mwana uja, Flávia, anakula mpaka kupeza mwamuna. Valdemar analumbira kuti pa ukwatiwo anthu adzavina nyimbo ya Serafina. Wamalonda wina wa golide anamubwereka kompyuta yakale ndi jenereta. Mawu a mkazi wake anawaika mu pulogalamu imodzi, ng'oma mu ina, n'kuzilumikiza ndi MIDI, njira imene mapulogalamu amauzirana nthawi kuti ayendere limodzi.

Koma ayi ndithu. Anzake ankamuuza kuti nyimbo ikuyamba bwinobwino, koma pofika pakati ng'oma zikutsalira. Iye sankathanso kusiyanitsa. Ena pamsika ankachita kumuseka, ati gonthi angakonze nyimbo? Zinamuwawa kwabasi, ndipo analira, munthu wamkulu.

Tsiku lina anasiya kulimbana ndi khutu. Anachititsa mapulogalamu onse awiri kuti azingogunda basi, ina m'sipika ya kumanja, ina ya kumanzere, n'kuika zikhatho pamasipikapo. Dzanja lamanja linkamva kugunda, lamanzere n'kumachedwa. Anafufuza mpaka anapeza kuti pulogalamu iliyonse inkatsata wotchi yakeyake. Anaika ya mawu kuti izitsogolera, ya ng'oma izitsatira. Anayesa, kukonza, kuyesanso, manja kuchita dzanzi, mpaka zikhatho zonse zinagunda pamodzi kufika kumapeto.

Pofika tsiku la ukwati khutu lachiwiri linali litatsekeratu. Nyimbo itayamba anthu anadzuka kuvina, koma mkwatibwi anangokhala pansi, misozi chuchuchu. Kenaka anapita kwa bambo ake, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti amuone milomo.

"Ababa, mukuwamva amayi?"

"Sindikuwamva, mwanangu. Tandiuza iwe, ng'oma zikutsalira?"

"Ayi, akuyendera limodzi."

Valdemar anagwedeza mutu, nayenso n'kugwetsa misozi. Apo Flávia analowa m'bwalo n'kuyamba kuvina. Nyimbo imene anaivutikira sanaimvepo mpaka lero, koma mwana wake anavina mawu a mayi ake.

Inunso mwina chimene mumadalira chikukutherani mukuona. Lirani, n'zowawadi. Koma mukatha kulira, gwirani ntchito ndi chimene chakutsalirani, ndipo mtima musautaye.