Msomali wa kuseri kwa nyumba

Mnzanga wa ku Rivirivi anamwalira dzuwa litayamba kuwawa. Iye anali Msilamu, ine Mkatolika wa ku Utale, koma tinakonzera limodzi mawailesi zaka zambiri. Chooneka chimene anasiya ndi ampulifaya yomwe anapanga yekha ndi zipangizo za mawailesi akufa, n'kuiika m'bokosi la matabwa. Inkayendera batire ya galimoto. Ukwati kapena maliro m'mudzimo, mawu ankadzera mmenemo.

Kutatsala masiku awiri kuti achite sadaka ya masiku makumi anayi, akazi ake anandiitanitsa. Ndinafika masana pa njinga.

"Alamu, chinthu chija chikuyankhula," anatero mayiwo.

"Chikulira?"

"Iyayi. Kulira ndimakudziwa. Chikuyankhula."

Mlongo wawo, bambo wamtali wolima thonje, anali pakhonde. "Ine ndanena kale," anatero. "Chikapanda kukhala chete pofika mawa, ndichiwaza ndi nkhwangwa. Ashehe sangawerengere pemphero la duwa m'chinthu chokhala ndi munthu mkati. Inu a kusekondale, tiyeni tione."

Mayiwo anangoyang'ana pansi. Ankafuna kuti mapemphero a amuna awo adzere m'bokosi la amuna awo.

Ndinalumikiza batire. Sipika inayamba kung'ung'uza, ndipo pansi pa kung'ung'uzako panali mawu a mwamuna. Ankakwera n'kutsika pang'onopang'ono, ngati munthu akuyankhula kuchipinda chitseko chili chotseka. Sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe.

Ndinatsegula bokosilo. Kapasita imodzi, kachipangizo kosunga moto wa magetsi, inali itatupa, ndinaisintha. Ndinaika chitsulo changa pambaula n'kuwotcherera paliponse pamene ndinakayikira. Mawu aja anali pomwepo. Nditachotsa maikolofoni anachepa, koma ndikayandikitsa dzanja ankakula, ngati akundiyandikira nawonso.

Ndinkadziwa kuti waya wautali amatha kukoka mawu a pa wailesi. Ndinatulutsa kawailesi kanga m'thumba n'kuzunguza kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Munthu ameneyo sindinamupeze.

Kenako ndinaona kawaya kakang'ono kochoka kumbuyo kwa bokosi, kodzera pa bowo la chipupa. Ndinakalondola. Kuseri kwa nyumba kanamangidwa ku msomali wautali wokhomedwa m'nthaka. Dothi linali gwaa, long'aluka, koma mozungulira msomaliwo munali kadzenje kosalala kokumbidwa ndi madzi.

"Apa pankachitika chiyani, alamu?"

"Anzanu aja ankatawazira pomwepo, kusamba m'manja ndi kumapazi asanapemphere. Kasanu pa tsiku. Ndinkawauza kuti mudzagwetsa chipupa, koma osamva."

Waya wopita pansi amafuna dothi lonyowa kuti achotse phokoso. Mnzangayo sanandiuzepo kuti msomali wake ankauthirira ndi madzi osambira m'manja ndi kumapazi. Mwina iye mwini sankaona ngati ndi ntchito. Tsopano panali patapita masiku pafupifupi makumi anayi popanda dontho.

Ndinapempha madzi. Mayiwo anabwera ndi ketulo yakale, yomwe malemuwo ankatawazira. Ndinasiya ampulifaya ili choyaka n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono. Dothi linamwa msanga. Ndinathiranso.

"Akuchepa!" anakuwa mlongo uja ali pakhomo.

Tinkawamva kudzera pa bowo lija. Mawuwo ankapita kutali, ngati munthu akutsikira kudambo akuyankhulabe. Ketulo yachitatu isanathe, kunali zii.

Mlongoyo anaseka. "Ndiye linali ludzu basi?"

Palibe anaseka naye. Mayiwo anali kuyang'ana matope a pa msomali.

"Mwawathamangitsa, alamu?"

"Sanali iwo, alamu. Ndi waya chabe."

Mayiwo anandilanda ketulo ija mofatsa n'kulowa nayo m'nyumba.

Sadaka inachitika, ndipo duwa inamveka bwino mpaka kutsidya. Nkhwangwa sinakhudze bokosilo.

Chaka chatha, m'nyengo yomweyo ya dzuwa, ndinadzera pakhomopo pochokera ku Balaka. Ndisanaodire ndinasuzumira kuseri. Dothi la pa msomali linali louma, long'aluka. Batire inali yolumikiza. Mayiwo anali atakhala pamkeka pafupi ndi bokosi, akusankha nandolo, ndipo mawu aja ankakwera n'kutsika chapansipansi.

Anandipatsa mpando. Madzi othira sindinapemphe.