Mabolopeni Atatu

Sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere, ananditenga kukathandizira kuphunzitsa Sitandade 1 cha ku Mitundu, ku koleji ndisanapondeko n'komwe. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango. Mlangizi wathu, mayi wina wa ku Nathenje, anatigawira makope nati, "Mukaweruka, muzilemba chimene chakukanikani tsiku limenelo, ndi mmene mukonzere mawa lake."

Langa linatha teremu yonse litatsamiridwa ndi wailesi. Atatiitana ku Nathenje kuti akaone makopewo, ndinakhala pakhonde n'kulemba masiku onse kamodzi, ndikusinthasintha mabolopeni atatu kuti zioneke zenizeni. Tsamba lililonse linkati, "Lero zayenda bwino, ana amva."

Mayiwo anavundukula masamba mosafulumira, mpaka anaima pa Lachitatu lina.

"Aphunzitsi, tsiku ili zinayendadi bwino?"

"Kwambiri, mayi."

"Ndi tsiku limene ndinapalasa njinga kudzakuonani. Pasukulu panali patangodutsa gule. Ndinapeza ana okhaokha, ena akulira, bolodi lili chagada. Inu munali kuti?"

Ndinali m'chimbudzi cha aphunzitsi, nditakhoma chitseko, choko chili m'manja. Ndinatuluka kunja kutakhala zii, osadziwa kuti amene anatonthoza anawo ndi mayiwo. Aphunzitsi anzanga amene tinali nawo ku Nathenjeko anawerama, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Mayiwo sanandikalipire. Anangotsegula tsamba loyera n'kundikankhira kope lija.

"Lembani za tsiku limenelo, ndikudikira. Mulembera iti, yakuda, yabuluu, kapena yofiira ija?"