Tambula ya Stojanka

Ku kafana ya a Velja, malo omwera ndi kudyera a kuseri kwa siteshoni ya sitima, amene ankayamba kufika m'mawa anali Stojanka, ndipo ntchito yake yoyamba inali kusesa magalasi. Kwathu kuno mwamuna akamva nyimbo yomulasa mtima salira ngati mwana. Amanyamula tambula yake n'kuimenyetsa pansi, ndipo woyimba akaona zimenezo amadziwa kuti wagwira ntchito. Ndiye popeza amene ankaliza akodiyoni pamalopo, choimbira chija chokoka ndi kufinya pachifuwa, anali Miloje, mwamuna wa Stojanka yemweyo, ndipo ankailiza mosanamizira, magalasi ankachuluka. Mwamuna ankaswetsa, mkazi ankasesa. Banja lawo linayenda choncho kuyambira pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha.

Stojanka anali mayi wamfupi, wamanja okhakhala ngati a anthu a ku fakitale ya zitsulo. Anachokera kumapiri ali mtsikana, atangonyamula bokosi limodzi la zovala ndi mutu wouma wa kwawo. Akatha kusesa ankalowa m'khitchini, kuphika nyemba za nyama yofutsa ndi sarma, kabichi wokulungamo nyama amene anthu a m'sitima ankamutsikira dala. Kuchipinda chomwera ankangotulukira kudzatenga mbale. Sankalankhulalankhula, koma akatsegula pakamwa munthu ankapita kwawo akudzifunsa chimene anamuputira.

Ana ake aakazi anakwatiwa kutali. Wamwamuna anali mmodzi yekha, Nebojsa, ndipo Miloje anamumangirira akodiyoni pachifuwa mwanayo asanayambe n'komwe sukulu. Inali akodiyoni ya agogo ake, yakuda, yoti yaliza maukwati a chigwa chonse. Mwanayo zala anali nazo, palibe amene ankatsutsa. Koma paja akulu anati m'mimba ndi m'chipala. Atangomera ndevu, Nebojsa anaweta tsitsi mpaka m'mapewa, n'kuyamba kusonkhana ndi anzake atatu m'galaja ina, kuliza nyimbo za roko zija zimene zimagwedeza mawindo. Tsiku lina ananyamula akodiyoni ya agogo ija n'kukaisinthanitsa ndi gitala ya magetsi.

Miloje sanamumenye. Kukanakhala bwino akanamumenya, zikanathera pomwepo. M'malo mwake anaimirira pakati pa kafana, anthu ali tho, n'kulumbira.

“Ine mwana wamwamuna ndilibe. Tsiku limene munthu adzaswe tambula chifukwa cha phokoso lakelo, ndi tsiku limene adzapondenso m'nyumba mwanga. Mwamva nonse.”

Anamvadi onse, ndipo vuto linali limenelo. Lumbiro la m'nyumba limasungunuka ndi msuzi wa mawa lake, koma la pagulu limauma ngati simenti. Nebojsa anakwera sitima ya ku Belgrade, ndipo zaka zinadutsa osaponda kwawo. Stojanka zinamuwawa koopsa, koma sanagwade kupempha. Ankangokulunga soseji ndi tchizi m'nsalu n'kupatsira Obrad, mkulu wina woona matikiti m'sitima, amene madzulo ankamwera kwa a Velja komweko. Chinanso chimene anachita, anayamba kuitana mwamuna wake “bambo a Nebojsa” paliponse, makamaka pa anthu. Miloje ankakukuta mano.

Mu 1975, masamba atayamba kuyoyoka, Obrad analowa m'khitchini atabisa kanthu m'jekete.

“Mlamu, pukutani manja. Mwana wanu uja watulutsa chimbale.”

Kanali kachimbale kakang'ono, nyimbo imodzi uku, ina uku. Pachikuto panali anyamata anayi atatsamira khoma, nkhope zili ndwii ngati awakaniza chakudya. Gulu lawo analitcha Ng'anjo Yachitatu, nyimbo yaikuluyo inali “Sindivula Chipewa.” Stojanka anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

“Waonda,” anatero. “Soseji ija mumakamupatsadi, kapena mumadyera m'njira?”

Pakona ya chipinda chomwera panali jukubokosi, makina oponyamo ndalama yachitsulo ya dinala kuti aimbe chimbale. Miloje ankadana nawo ngati mmene mkazi amadanira ndi mkazi mnzake, poti ankamulanda anthu. Kiyi wake ankasunga Stojanka, chifukwa ndi amene ankawapukuta fumbi. Sanafunse munthu. Anatsegula, n'kuchotsamo chimbale china cha nyimbo zovina chimene panalibe ankachifuna, n'kuikamo cha mwana wake. Anaponyamo dinala ya m'thumba la epuloni yake nthawi ya chakudya chamasana, anthu a ku fakitale atadzaza matebulo.

Gitala inayamba yokha, mawu onenepa, obwerezabwereza ngati nyundo ya makina. Kenako ng'oma zinagwera pamwamba pake, kenako Nebojsa anakuwa. Mkulu wina anatsamwa nyemba.

“Velja, makina akowa apsa! Zimitsa asanatiphe!”

“Si kupsa kumeneko, akupha nkhumba ku Belgrade!”

“Ndiye nkhumba yake yakana kufa bwanji!”

A Velja anabwera akuthamanga, thaulo paphewa. “Stojanka, chonde, anthu akudya. Chotsamo chimenecho.”

“Chotsanimo nokha, bwana. Mukatero mulowenso m'khitchini mukakulunge sarma nokha.”

A Velja anayang'ana jukubokosi, anayang'ana kukhitchini, n'kubwerera kukapukuta matambula. Miloje anali pa mpando wake pafupi ndi mbaula. Anangotembenuza mpandowo kulozetsa kukhoma.

Tisanamizane, Stojanka nyimboyo sankaikonda. Inkamupweteka mutu, ndipo mawu ake ankangomvapo apa ndi apo. Koma chapakati pake ng'oma zinkaleka, gitala n'kutsala yokha, ikukwera pang'onopang'ono n'kumanjenjemera pamwamba isanatsike. Kanjenjemeredwe kameneko aliyense wa m'chigwa muno akanakazindikira ali mtulo. Ndi mmene Miloje ankalizira nyimbo yotulutsa mkwatibwi m'nyumba ya makolo ake. Obrad ndi amene analephera kudzigwira.

“Miloje, achimwene, pamenepo si zala zanu zimenezo?”

“Wakuba akaba malaya ako n'kukagona nawo m'ngalande, umati ndi ako?” anayankha Miloje osacheuka.

Loweruka lililonse masana wailesi inkaulutsa mndandanda wa nyimbo makumi awiri zimene dziko lonse linali kugula ndi kupempha, kuyambira yotsiriza kukafika yoyamba. Stojanka, amene moyo wake wonse wailesi ankaitsegulira za nyengo basi, anaisamutsira m'khitchini pamwamba pa thumba la anyezi. Sabata yoyamba “Sindivula Chipewa” inalowera kumchira. Yotsatira inalumpha nyimbo zingapo. Pofika nthawi ya chisanu inali m'gulu la zisanu zoyamba, ndipo inali m'kamwam'kamwa. Ana asukulu ankaiimba m'misewu, oyendetsa malole ankaiimbira mluzu. Anyamata amene sanapondepo kwa a Velja anayamba kudzaza pakona paja, kuponya madinala motsatizana, mpaka a Velja anayamba kunena kuti iwo anaona kale kuti mwanayo adzapita patali.

Stojanka ankasuzumira pakhomo la khitchini, maso ali pa manja a anyamatawo. Koma ana a masiku amenewo mwambo wa tambula sankaudziwa, kapena ankauona ngati za madala. Nyimbo ikafika powakoma ankatsinzina n'kumagwedeza mitu, tsitsi lili wirawira, mabotolo awo ali chiimire patebulo.

“Mwaona?” ankatero Miloje. “Kugwedeza mitu ngati agulo padzuwa. Nyimbo imeneyo?”

Amuna akuluakulu, amene mwambowo unali wawo, panalibe woti akanaswa. Ena nyimboyo inkawasokosadi. Ena, monga Obrad, inkawafika, koma ankaopa maso a Miloje, munthu amene anawalizira pa maukwati awo ndi pa maliro a makolo awo. Stojanka anamupanikiza Obrad tsiku lina.

“Inu mumalira nayo nyimboyi, ndimakuonani. Dzanja lanulo lalemala?”

“Mlamu, ine ndi Miloje tinakulira limodzi. Mukufuna ndizikamwera kuti?”

“Kuchitsime,” anatero Stojanka, n'kumulanda mbale asanamalize.

Loweruka limene nyimboyo inafika pamwamba, kunja kunkagwa chipale chofewa. A Velja anaitulutsa okha wailesi ija n'kuiika pa kauntala. Woulutsa atatchula nyimbo yachiwiri, n'kupezeka kuti si ya Nebojsa, anyamata aja anayamba kale kukuwa, poti panatsala malo amodzi okha. Dzina la tawuni yathu linamveka pa wailesi, tawuni imene anthu amangoidziwa ndi utsi. Amuna akuluakulu, omwe aja ankati akupha nkhumba, anaimirira kukagwira chanza Miloje.

“Mwabereka, achimwene! Nambala wani dziko lonse!”

Miloje anabisa manja m'khwapa. “Nambala wani wa chiyani? Ngakhale chimfine chimagwira dziko lonse. Ine ndinati tambula. Ikuti tambulayo?”

Aliyense anayang'ana chakumwa chake ngati wangochiona kumene. Stojanka anali pakhomo la khitchini, ndipo anaona kuti akadikira amuna amenewa adzafa asanamuonenso mwana wake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anavula epuloni, n'kuipinda, n'kuyenda kupita pa kauntala.

“Bwana Velja, rakija.”

“Ya ndani?”

“Mukuona anthu angati pano?”

Pa zaka zonsezo palibe anamuonapo Stojanka akumwa m'chipinda chimenecho. A Velja anamuthirira rakijayo, kachasu wa kwathu kuno. Stojanka anapita pa jukubokosi, anyamata n'kumupatukira, anaponyamo dinala. Anaima pomwepo, tambula kumanja, kupirira nyundo ija, kupirira kukuwa kuja. Ng'oma zitaleka, gitala itayamba kukwera yokha, nkhope yake inasintha. Sanali kuchita zoonetsera. Anakumbukira kamwana kamene kankagona ndi akodiyoni pachifuwa, zala zitatupa, ndipo chisoni ndi mkwiyo wa zaka zonsezo zinamubwerera nthawi imodzi. Anagugudiza rakijayo, n'kukweza dzanja.

Phwaa!

Zidutswa zinafika mpaka pa nsapato za Miloje. Nyimbo inapitirira mpaka kutha.

Miloje anaimirira pang'onopang'ono. Ena amati panatsala pang'ono kuti agonje. Koma anayang'ana anthu, anthu n'kumuyang'ana, basi kunyada kunamugwiranso.

“Ya mkazi sitiwerengera,” anatero. “Makamaka ya mayi wake. Mayi angaswe tambula ngakhale mwana wake atangoyetsemula.”

“Munati munthu, bambo a Nebojsa. Onsewa anamva. Kapena zaka zonsezi mwakhala mukugona ndi mbuzi?”

Wina anaseka, n'kudzitseka pakamwa.

“Stojanka, bwerera kukhitchini.”

“Ndibwerera, nyemba zikupserera. Koma mumve. Sindinaswe kuti inu muwerengere, ndaswa chifukwa yandilasa. Obrad, mawa mukamuuze mwana wanga kuti Lamulungu la sabata yamawa ndidzaphika sarma kunyumba, abwere ndi njala. Nyumba ija njerwa zake ndinasenza nawo pamutu panga. Amene sakufuna kumuona, ndiye adzadyere panja.”

Anatembenuka, n'kuona tsache litatsamira khoma. Analitenga n'kuwapatsa a Velja m'manja. “Izi ndiye sindisesa ine.”

Sabata yonseyo Miloje sanamulankhule. Ankadya chimene wapatsidwa, n'kumagona atayang'ana kukhoma. Stojanka naye sanamunyengerere. Anachapa makatani, anakolopa, anagula nyama kwa wogulitsa amene sankanamiza sikelo. Anthu a mumsewu mwawo ankabetcherana, ena amvekere mkuluyo afewa, ena amvekere mnyamatayo sayerekeza kubwera.

Lamulungu, sitima ya masana itafika, Miloje anavala chikhoti chake chachikulu ndi chipewa, n'kutuluka. Sanapite kutali. Anakakhala pa benchi ya pansi pa mtengo wa maplamu, m'bwalo mwake momwe, chipale chikumugwera pamapewa. Nebojsa anatulukira pachipata, wamtali, woonda, tsitsi lili lonselo. Ataona bambo ake anaima.

“Bambo, muli bwanji?”

Miloje anayang'ana mtengo.

Mnyamatayo, yemwe uja ankakuwa pa wailesi kuti savulira munthu chipewa, anangoti njo pachipata, osadziwa kolowera. Anatembenuka ngati akufuna kubwerera. Stojanka anatuluka ndi masilipasi, n'kuponda chipale, n'kumugwira padzanja ngati mwana wothawa sukulu. Anadutsa naye pamaso pa mwamuna wake, n'kulowa naye m'nyumba. Patebulo panali mbale zitatu. Anamukhazika pansi, n'kumupakulira mpaka mbale kusefukira.

Nebojsa anagwira foloko, koma maso ake anali pawindo, pamene msana wa bambo ake unkaonekera, utayamba kuyera.

“Amayi, azizidwatu. Mwina ndingopita, ndidzabwera tsiku lina.”

Stojanka nayenso anayang'ana pawindopo. Ankamukonda mkulu wouma mutuyo, ndipo kumuona ali pamenepo kunamupweteka kuposa mmene akanavomerera kwa munthu. Anavundikira mbale yachitatuyo ndi ina kuti isazizire, n'kukhala pansi moyang'anizana ndi mwana wake.

“Ukadzuka pamenepo ndikuthyola miyendo,” anatero. “Idya. Chitseko sindinakhome, ndipo bambo ako akudziwa pamene chili.”