Mayi wa Geni M'masewera Athu

Ndikamva fungo la katoni yonyowa, ndimakumbukira dzinja lina ku Manja, mvula ikulindima pa malata, matope ofiira akutsetsereka m'ngalande, ife titaunjikana pakhonde ngati anapiye. Achimwene anga a Zeka anali atabwera kutchuthi kuchokera ku sekondale ndi masewera achilendo. Iwo ankasimba nkhani ya ulendo woopsa, aliyense wa ife n'kukhala munthu wa m'nkhanimo, ndipo dayisi ya ludo ndiyo inkagamula ngati zimene wafuna kuchita zatheka. Mapu anajambula pa katoni ya sopo. Phiri la Soche, limene tinkaliona tili pakhondepo, linali kwawo kwa chinjoka.

Anthu a m'masewerawo anali a mitundu itatu: wankhondo, wakuba ndi wamatsenga. Ine ndinali wankhondo, poti kuganiza sikunali mbali yanga. Mlongo wanga Luwiza ankakonda wamatsenga, amene ankachiza anzake ndi kuumitsa adani. Tsiku lina amayi akuchokera ku Limbe, kumene ankagulitsa kaunjika, anamva Luwiza akukuwa kuti wachilodza chinjokacho. Anatula thumba pansi. Anati m'nyumba ya anthu opemphera simulowa zaufiti, ndipo wamatsengayo akakhalapobe pofika Lamlungu, katoni ndi dayisi zomwe zithera pa mbaula.

Zinatiwawa kwambiri, chifukwa popanda wochiza tonse tikanathera kukamwa kwa chinjoka. A Zeka anati tipange munthu wa mtundu watsopano, wa mphamvu zomwezo koma wopanda matsenga. Tinakangana mpaka mawu kusasa. Ine ndinati akhale dokotala, koma a Zeka anandifunsa kuti dokotala angaumitse bwanji mdani. Luwiza ndiye anatulukira nzeru, anati akhale Mayi wa Geni. Chitenje chake chinkamanga mabala ndi kubereka wovulala. Ankadziwa kunenerera, moti dayisi ikagwa bwino ngakhale mlonda wa phanga ankafewa n'kutsegula njira. Akakuponyera diso, unkauma pomwepo. Diso limenelo tonse tinkalidziwa bwino.

Koma a Zeka anali ndi lamulo lakuti munthu aliyense akhale ndi pofooka pake, apo ayi masewera sakoma. Luwiza sanachedwe. Anati Mayi wa Geni amachiza ena okha, yekha ayi, ndipo gulu likapeza chakudya iye amadya zotsala, zikapanda kutsala mphamvu zake zimatsika. Tonse tinavomera kuti lamuloli n'labwino. Palibe amene anafunsa kumene analitenga.

Loweruka masana tinaitana amayi kuti adzaweruze. Anasiya zochapa n'kukhala pa ndowa yovundikira, manja ali thovu lokhalokha, Luwiza n'kuyamba kufotokoza. Pa nkhani ya diso amayi anaseka mpaka misozi. Luwiza atafika pa za chakudya, amayi anasiya kuseka, n'kuyamba kugubuduza dayisi m'dzanja.

"Nanga mayi ameneyu akadwala, amamuchiza ndani?" anafunsa.

Tinayang'anana. A Zeka anakanda m'mutu n'kuyankha kuti, "Ameneyu sadwala, amayi."

"Oho," anatero amayi. Anaika dayisi pa katoni n'kubwerera kukachapa. Masewera athu anapulumuka, ndipo dzinja lonselo tinkalimbirana kukhala Mayi wa Geni.

Nthawi imeneyo ndinkanyada kuti tinawagwira m'maso amayi powatamanda. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa zimene anamva masana amenewo. Anamva kuti ana awo ankaona mbale yawo ikukhala yopanda kanthu, ankaona bwinobwino, koma ankayesa kuti mayi analengedwa choncho. Ndikawakumbukira ndimawakonda koposa, ndipo mtima umandipweteka, chifukwa yankho la achimwene analimva, koma anatisiya tizisewera.